Kerry James Marshall: N'chifukwa Chiyani Amapenta Anthu Akuda Bii?

Mukaima patsogolo pa chithunzi chopentedwa ndi Kerry James Marshall, choyamba kukugwirani maso ndi khungu la anthu ali m'menemo. Ndi lakuda bii, kuposa khungu la munthu aliyense amene munakumanapo naye. Kenaka mumazindikira kukula kwake, pakuti zithunzi zake zambiri zotchuka zimadzaza khoma lathunthu. Anthu akewo sakuchita zodabwitsa ayi: akumetetsa, akulimira maluwa, akukonzetsa tsitsi, akupuma pa kapinga. Mmisiriyu ndi wa ku America ndipo wakhala akupenta anthu akuda kwa zaka zoposa 40. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa za iye ndi za kapentedwe kake.

Kodi Kerry James Marshall ndani?

Anabadwa mu 1955 mu mzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama, kumene tsankho linali lamulo. Mu 1963, chaka chomwe bomba linaphulitsidwa pa tchalitchi cha 16th Street Baptist mu mzindawo ndi kupha atsikana anayi, banja lake linasamukira ku Los Angeles. Anafikira ku Watts, m'nyumba za boma zotchedwa Nickerson Gardens, ndipo patangotha zaka ziwiri, mu August 1965, dera limenelo linayaka ndi zipolowe zomwe zinatenga masiku angapo. Marshall, ali mwana wa zaka 9, anaona sitolo zikupsa, asilikali ali mbwee m'misewu.

Anaphunzira zaluso pa Otis Art Institute ku Los Angeles komweko, n'kumaliza mu 1978. Atakhalako pang'ono ku New York, ku Studio Museum in Harlem, anakakhazikika ku Chicago mu 1987 pamodzi ndi Cheryl Lynn Bruce, katswiri wa zisudzo amene ndi mkazi wake. Kumeneko ndiko amagwirira ntchito mpaka lero, ku South Side, dera lomwe anthu akuda ndi ochuluka. Anaphunzitsaponso pa University of Illinois at Chicago kwa zaka zoposa 10, ndipo mu 1997 analandira mphoto ya MacArthur, imodzi mwa mphoto zolemekezeka za anthu aluso ku America.

Chinamuchititsa n'chiyani kuti aziika mtima wonse pa kupenta anthu akuda?

Ali mwana wa sukulu anayamba kupita ku myuziyamu ya Los Angeles County Museum of Art. Zimene anaona kumeneko zinamutenga mtima: zithunzi zikuluzikulu za mafumu, oyera mtima, ankhondo, mabanja a anthu olemera. Koma pa makoma onsewo munthu wakuda sankaoneka, ndipo akaoneka ankakhala wantchito waima kumbali, wanyamula mbale kapena wagwira chingwe cha kavalo. Marshall wakhala akufotokoza kuti mwana amene amalowa m'nyumba zoterezi amatulukamo ataphunzira phunziro lomwe palibe anamuuza ndi pakamwa, lakuti kukongola ndi ulemerero zili ndi eni ake, ndipo eni akewo si iye.

Amene anamutsegula maso ndi Charles White, wojambula wakuda amene ankaphunzitsa pa Otis. White ankajambula anthu akuda amphamvu, a manja akuluakulu ndi nkhope zodekha. Marshall anaona ntchito zake ali mnyamata wamng'ono, pambuyo pake n'kudzakhala wophunzira wake.

Chachiwiri chinali buku. Atawerenga Invisible Man, buku la Ralph Ellison la mu 1952 lonena za munthu wakuda amene anthu amamuyang'ana koma osamuona, Marshall anasiya zomatamata mapepala zimene ankachita nthawi imeneyo. Mu 1980 anapenta kachithunzi kakang'ono, kotalika masentimita pafupifupi 20, kotchedwa A Portrait of the Artist as a Shadow of His Former Self. M'menemo muli munthu wakuda wovala chipewa chakuda ndi jekete yakuda, kumbuyo kwake kulinso kwakuda. Poyamba mumangoona maso oyera, mano akuseka okhala ndi mpata, ndi kachidutswa ka malaya oyera. Mukadekha ndi pamene mapewa ndi chipewa zimayamba kutuluka mu mdimawo. Munthuyo analipo nthawi yonseyi, chimene chinachedwa ndi diso lanu. Ntchito yonse ya Marshall inamera pa kachithunzi kameneka.

Nanga bwanji osawapenta ndi khungu lawo lenileni? Anthu akuda ambiri ndi oderako chabe.

Marshall akudziwa bwino kuti khungu la anthu akuda lili ndi mitundu yambirimbiri. Kuda kwa m'zithunzi zake n'kochita kusankha. Cholinga chake n'chakuti munthu woyang'ana asakhale ndi pothawira: asanene kuti mwina ameneyu ndi wa ku India, mwina ndi mzungu wapsa ndi dzuwa. Ndi wakuda basi, ndipo ali pakati penipeni pa chithunzi.

Palinso nkhani ya penti yeniyeniyo. M'sukulu zambiri za zaluso ophunzira ankauzidwa kuti apewe penti yakuda chifukwa imapha mitundu ina ndipo imangoyenera pa mthunzi. Marshall anafuna kuonetsa kuti kuda nakonso ndi mtundu wolemera. Amagwiritsa ntchito penti yakuda ya mitundu itatu: ina yochokera ku mafupa owotchedwa, ina yochokera ku mwaye, ina yochokera ku chitsulo. Mukaziika pafupi mumaona kuti sizofanana, ina imapendekera kofiirira, ina kobiriwira ngati thambo la usiku. Akatero amathiramo kadontho ka buluu, ka chikasu kapena ka bulawuni, n'kupeza mitundu ingapo ya kuda. Ndi mitundu imeneyi amaumba mphuno, masaya, chipumi ndi milomo. Sadalira penti yoyera kuti awalitse nkhope, chifukwa yoyera ikalowa, khungu limasanduka lotuwa ngati phulusa.

M'zithunzi zake zoyambirira anthu ankaoneka athyathyathya ngati mthunzi wa pakhoma. M'kupita kwa zaka nkhope zakhala zikudzaza, moti m'zithunzi za posachedwapa mumaona mnofu ndi mafupa a nkhope bwinobwino, koma kudako kuli chikhalire.

Kodi zimenezi sizikufanana ndi zithunzi zonyoza anthu akuda zimene azungu ankajambula kale?

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ena mwa anthu akuda a ku America analifunsa atangoona ntchito zake. Kwa zaka zambiri ku America kunali zisudzo zomwe azungu ankadzipaka zakuda kumaso, n'kujambula milomo ikuluikulu, kuti aziseka anthu akuda. Nkhope yakuda bii ya maso oyera ndi mano oyera inali pa zikwangwani za malonda, pa zidole, m'makatuni. Kachithunzi ka mu 1980 kaja kamayenda m'mphepete mwenimweni mwa phompho limeneli, ndipo Marshall anachita dala.

Maganizo ake ndi akuti vuto la zithunzi zonyozazo silinali kuda kwa khungu. Vuto linali lakuti munthuyo ankamulanda nzeru ndi ulemu, n'kumusandutsa choseketsa. Wojambula akathawa kuda poopa zithunzi zakalezo ndiye kuti wavomera kuti kuda n'kochititsa manyazi. Choncho Marshall anasunga kudako n'kubwezeretsa zimene zinalandidwa. Anthu ake amavala bwino, amaima mowongoka, ndipo kawirikawiri amakuyang'anani m'maso mosaphethira, ngati mwawalowerera ali pakati pa zawo. Saseka pofuna kukusangalatsani. Amene amayamba kuchita manyazi ndi woyang'anayo.

Marshall amapenta zithunzi zonena nkhani. Kodi chithunzi chotere ndi chotani? Taperekani chitsanzo.

Ndi chithunzi chomwe chili ndi anthu, malo ndi zochitika, moti woyang'ana amatha kuwerenga zimene zachitika ndi zimene zikubwera. Ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri zithunzi zotere ndizo zinkalemekezedwa kuposa zina zonse. Zinkakhala zazikulu ndipo zinkanena za m'Baibulo, za nkhondo ndi za mafumu. Zithunzi za anthu wamba zinkakhala zazing'ono.

Taonani De Style, chimene Marshall anapenta mu 1993. Ndi babashopu. M'lifupi chithunzichi chimapitirira mamita atatu. Pakati pali kasitomala wakhala pampando, wafundidwa nsalu ya ometa. Kumbuyo kwake kwaima wometa, dzanja lili m'mwamba ngati wansembe akudalitsa, ndipo kuzungulira mutu wake kuli kuwala kofanana ndi kumene amajambula pa mitu ya oyera mtima m'matchalitchi. Anyamata ena aima ndi kukhala m'mbali, atchena, mmodzi tsitsi lake lakwera m'mwamba ngati nsanja. Kumbuyo kuli galasi lalitali, mabotolo a mafuta, kalendala ndi satifiketi ya wometa. Makabati ndi mashelefu anawayala m'mizere yowongoka ya mitundu yofiira, yoyera ndi yabuluu, kukumbutsa ntchito za Piet Mondrian ndi gulu la ojambula a ku Netherlands lotchedwa De Stijl, komwe dzina la chithunzichi linachokera.

Palibe nkhondo m'chithunzichi, palibe mfumu. Nkhani yake ndi ya anyamata amene abwera kudzadzikonza, ndi ya wometa amene nayenso ndi mmisiri wosema mitu. Marshall anawapatsa khoma lalikulu lomwe kale linkasungidwira mafumu. Los Angeles County Museum of Art inagula chithunzichi chaka chomwecho, ndipo inali myuziyamu yaikulu yoyamba kugula ntchito yake. Inali nyumba yomwe ija ankaloweramo ali mwana.

Anthu akuda a ku America avutika kwambiri. Bwanji amakonda kuwapenta akusangalala?

Chifukwa zithunzi za anthu akuda akuvutika sizinasowepo. Nyuzipepala ndi wailesi za kanema zimatulutsa tsiku ndi tsiku. Zimene zinkasowa pa makoma a myuziyamu ndi anthu akuda akukondana, akupuma, akusamalira pakhomo pawo.

Mu 1994 ndi 1995 anapenta gulu la zithunzi lotchedwa Garden Project. Anazindikira kuti nyumba zambiri za boma zokhalamo anthu osauka ku Chicago ndi ku Los Angeles zinkatchulidwa mayina a minda ya maluwa: Stateway Gardens, Wentworth Gardens, Altgeld Gardens, Nickerson Gardens. Anthu akunja ankadziwa malowa ngati kuchimake kwa zigawenga ndi mankhwala ozunguza bongo. Marshall, amene anakhalamo ali mwana, ankakumbukiranso kapinga wosamalidwa bwino ndi ana akusewera.

Mu Many Mansions, cha mu 1994, amuna atatu ovala malaya oyera ndi mathalauza akuda ngati akuchokera kutchalitchi akulimira maluwa patsogolo pa chikwangwani cha Stateway Gardens. Pansi pali madengu a mphatso za Pasaka. Mbalame zabuluu zikuuluka zitanyamula riboni, ndipo pamwamba pali nsalu yofiira yolembedwa vesi ya pa Yohane 14 yonena za malo ambiri okhalamo, koma pamene Baibulo limatchula atate iye anaikapo amayi. Kumbuyo kwaima nyumba zosanja zazitali, zouma gwa. Madontho a penti akuyenderera pa maluwawo ngati chinachake chikuwonongeka. Chithunzichi sichikunama kuti kumaloko kunali paradaiso. Chikuonetsa lonjezo limene boma linapereka ndi anthu amene anayesetsa kulisunga. Nyumbazo zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 2000, koma chithunzicho chili ku Art Institute of Chicago.

Ndiye kuti za imfa ndi nkhanza amazipewa?

Ayi, koma amazifikira cham'mbali. Mu 1997 ndi 1998 anapenta zithunzi zotchedwa Souvenir. Choyamba chake chikuonetsa pabalaza pa nyumba yosamalika, ya mipando yabwino ndi maluwa patebulo. Mayi wakuda wa mapiko onyezimira ngati golide akukonza maluwawo uku akukuyang'anani. Pakhoma pali nsalu ya chikumbutso ya Martin Luther King Jr., John F. Kennedy ndi Robert Kennedy, yonga imene mabanja ambiri a anthu akuda ankapachika m'nyumba zawo. Pamwamba, ngati m'mitambo, pali nkhope za anthu amene anaphedwa pomenyera ufulu m'zaka za m'ma 1960. Maliro ali m'nyumba, pakati pa makatani ndi mipando, mmene amakhalira m'mabanja enieni.

China ndi Black Painting, chimene anamaliza mu 2006. Mukachiona koyamba mumayesa ndi thabwa lopakidwa penti yakuda. Maso akazolowera mumayamba kuona chipinda chogona usiku, anthu awiri pabedi, mbendera ya gulu la Black Panther pakhoma, buku pa katebulo. Chithunzichi chimakumbutsa za Fred Hampton, mtsogoleri wa gululo ku Chicago, amene apolisi anamuwombera ali pabedi m'bandakucha wa pa 4 December 1969, ali ndi zaka 21. Marshall sanapente magazi kapena mfuti. Anapenta mphindi ya bata chitseko chisanathyoledwe, ndipo amene akudziwa mbiriyo amamva mantha onse ali m'chipindamo.

Kodi anthu a m'zithunzi zake ndi enieni? Amakhala pansi n'kumawajambula?

Ambiri si enieni. Amawapanga m'mutu, mothandizidwa ndi zojambula zake za pensulo ndiponso zidole zimene amaziveka ndi kuziimika mu situdiyo kuti aone mmene nsalu ikupindikira ndi mmene kuwala kukugwera. Ngakhale mkazi amene anamupenta pa chikuto cha magazini ya Vogue ya September 2020 ndi wongopeka.

Apa ndi pamene kapentedwe kake ka nkhope kamasiyana ndi ka ena. Mwa chizolowezi, chithunzi cha nkhope chimapentedwa kuti chifanane ndi mwini wake, amenenso nthawi zambiri ndiye amalipira. Marshall amafunsa za anthu amene palibe anawapentapo. Scipio Moorhead anali kapolo ku Boston ndipo anali wojambula. Timamudziwa makamaka chifukwa wolemba ndakatulo Phillis Wheatley anamulembera ndakatulo imene inasindikizidwa mu 1773. Nkhope yake palibe akuidziwa. Mu 2007 Marshall anamupenta ataima pa chithunzi chake, chida chojambulira chili m'manja, akuyang'ana ngati mmisiri wodzidalira. Mu 2011 anapenta Nat Turner, amene anatsogolera kuukira kwa akapolo ku Virginia mu 1831, atagwira nkhwangwa, mutu wa mbuye wake uli pabedi kumbuyo. Ojambula a ku Ulaya anapenta Davide ndi mutu wa Goliati kambirimbiri, anthu n'kumati ndi zaluso zapamwamba. Marshall akufunsa ngati woyang'ana angamuone Turner ndi diso lomwelo.

Palinso zithunzi za ojambula ongopeka. Mu Untitled (Painter) cha mu 2009, mkazi wakuda wakhala mowongoka atanyamula thabwa lalikulu losakanizirapo penti. Kumbuyo kwake kuli chithunzi cha iye mwini chosamaliza, chogawidwa m'tizigawo tokhala ndi manambala, tonga ta m'mabuku a ana opaka mitundu. Tizigawo tambiri sitinapakidwe. Burashi ili m'manja mwake, ndipo ndi iye amene asankhe mtundu woti adzipake.

Munthu wamoyo amene anakhaladi pansi kuti Marshall amupente ndi Henry Louis Gates Jr., pulofesa wa pa Harvard. Chithunzicho chinapentedwa mu 2020, ndipo mu 2023 Marshall anachipereka ku yunivesite ya Cambridge ku England, kumene Gates anaphunzira.

Ngati akulimbana ndi mbiri ya zaluso ya azungu, bwanji amatengera njira zawo zomwezo?

Ena amamudzudzula pa mfundo imeneyi. Amati kufuna malo m'myuziyamu za azungu n'kuvomera kuti iwo ndiwo oweruza. Yankho la Marshall ndi la munthu wodziwa mmene zinthu zimayendera. Myuziyamuzo zilipo, ana a sukulu amapitako chaka ndi chaka, ndipo zimene zapachikidwamo ndizo zimalowa m'mabuku. Kudandaula uli panja sikusintha khoma. Chimene chimasintha khoma ndi chithunzi chopentedwa mwaluso loti palibe angachikane. N'chifukwa chake anaphunzira njira zonse zakale, mpaka yosakaniza utoto ndi mbali yachikasu ya dzira imene ojambula a ku Italy ankagwiritsa ntchito zaka 600 zapitazo. Kachithunzi ka mu 1980 kaja anakapenta ndi njira imeneyi.

Onani mmene amagwiritsira ntchito zimene anaphunzirazo mu School of Beauty, School of Culture, cha mu 2012, chomwe m'lifupi ndi mamita anayi. Ndi saluni yodzaza ndi amayi, ena akukonzedwa tsitsi, ena akucheza, wina waima pakati akudzionetsa. Mitundu yofiira, yakuda ndi yobiriwira ili ponseponse. Pagalasi lakumbuyo mukuoneka munthu akujambula ndi kamera, kuwala kwa kamerayo kwaphimba nkhope yake. Koma pansi, pakati pa saluniyo, pakuyandama chinthu chachikasu chopendekeka chosadziwika bwino. Mukachiyang'ana cham'mbali chimasanduka mutu wa mtsikana wachizungu wa tsitsi lagolide, Sleeping Beauty wa m'makatuni a Disney. Akuluakulu onse sakuchiona. Amene akuchiona ndi ana awiri aang'ono, mmodzi wawerama n'kumachisuzumira.

Njira imeneyi anaitenga kwa Hans Holbein, amene mu 1533 anapenta akazembe awiri olemera n'kuika chigaza chopendekeka kumapazi awo, kuwakumbutsa kuti imfa ilipo. Chithunzi cha Holbein chili ku National Gallery ku London. Marshall anachotsa chigazacho n'kuikapo kukongola kwa chizungu, mzukwa umene umalowa ngakhale m'saluni ya amayi akuda okhaokha n'kuyamba ndi ana. Aliyense amene waona mafuta oyeretsa khungu ali ndandanda pa msika wa kwathu kuno sangavutike kumva zimene chithunzichi chikunena.

Amapenta ndi chiyani, pa chiyani?

Kawirikawiri amagwiritsa ntchito penti ya acrylic, imene imauma msanga. Zithunzi zikuluzikulu za m'zaka za m'ma 1990 anazipenta pa chinsalu chosakhomera pa matabwa, chokhala ndi timabowo ta zitsulo m'mphepete, moti chimapachikidwa ngati tenti. Ankamatapo mapepala, kulembapo mawu, kuwazapo zonyezimira za m'makhadi a Khirisimasi, zinthu zimene ojambula ena ankaziona ngati zachibwana. Pambuyo pake anayamba kupenta pa mabolodi a pulasitiki ya PVC, amene ndi osalala ndipo amalola mizere yakuthwa.

Amajambulanso nthano za makatuni. Kuyambira 1999 wakhala akupanga Rythm Mastr, nthano yochitikira ku Chicago momwe ziboliboli za ku Africa zosungidwa m'myuziyamu zimadzuka n'kukhala ngwazi. Anaiyamba ataona kuti m'mabuku a makatuni amene ankawerenga ali mwana ngwazi zakuda zinali zowerengeka.

Tamva kuti chithunzi chake china chinagulidwa ndalama zoopsa. Zinali bwanji?

Ndi Past Times, cha mu 1997. Chikuonetsa anthu akuda ovala zoyera ali kupaki m'mbali mwa nyanja, wina akusewera gofu, ena ali m'boti, banja layala nsalu pa kapinga likumvera nyimbo. Bungwe loyendetsa holo ya misonkhano ya McCormick Place ku Chicago linachigula chaka chomwecho pa madola 25,000 n'kuchipachika m'khonde. Mu May 2018 linachigulitsa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pa madola 21.1 miliyoni, ndipo wogula anali woimba Sean Combs. Pa nthawiyo panalibe wojambula wakuda wa ku America wamoyo amene ntchito yake inafikapo pa mtengo umenewo. Ndalamazo zinapita kwa wogulitsa, pakuti chithunzicho sichinalinso cha Marshall.

Mtengowo unakwera pambuyo pa chionetsero chachikulu chotchedwa Mastry, chimene chinayambira ku Museum of Contemporary Art ku Chicago mu 2016, n'kupita ku Met Breuer ku New York, n'kukathera ku Los Angeles mu 2017. Chaka cha 2018 chomwecho akuluakulu a mzinda wa Chicago anafuna kugulitsanso Knowledge and Wonder, chithunzi chimene Marshall anapentera laibulale ya Legler mu 1995 pa madola 10,000. Anthu anakwiya, iye mwini anadzudzula poyera, ndipo meya Rahm Emanuel anabweza ganizolo. Chithunzi chopentera ana a m'dera losauka chinatsala cha anawo.

Nkhani ina yoonetsa mmene amaonera ndalama ndi ya tchalitchi chachikulu cha Washington National Cathedral. Mu 2017 tchalitchicho chinachotsa mawindo olemekeza Robert E. Lee ndi Stonewall Jackson, akuluakulu a nkhondo a mbali imene inkateteza ukapolo. Marshall anapemphedwa kukonza mawindo atsopano, amene anatsegulidwa mu September 2023 ndipo akuonetsa anthu akuda akuguba atanyamula zikwangwani. Malipiro amene anapempha anali madola 18.65, kukumbukira 1865, chaka chimene ukapolo unathetsedwa ku America.

Nanga za Africa amazikhudza?

Amazikhudza, ndipo posachedwapa wazikhudza pamalo powawa. Mu September 2025 Royal Academy of Arts ku London inatsegula chionetsero chake chachikulu chotchedwa The Histories. Zina mwa zithunzi zatsopano zinali zonena za mbali imene anthu a mu Africa eni ake anatenga pa malonda a akapolo. Chimodzi chikuonetsa kubedwa kwa Olaudah Equiano ndi mlongo wake ali ana. Equiano, amene anadzalemba mbiri ya moyo wake mu 1789, anafotokoza kuti amene anawagwira anali anthu akuda anzawo.

Ena angathe kusakondwa nazo, poopa kuti zipeputsa mlandu wa azungu ogula ndi eni zombo. Koma zikugwirizana ndi zimene Marshall wakhala akuchita kuyambira pachiyambi. Ngati munthu wakuda ali munthu wathunthu m'chithunzi, ndiye kuti angathe kukhala wokonda, wolira, ngwazi, ndiponso wolakwa. Kumupenta ngati wochitiridwa zinthu nthawi zonse n'kumuchepetsanso. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, amene timadziwa mbiri ya Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga ndi mafumu amene ankagwirizana nawo, nkhani yotereyi si yachilendo, ngakhale akapolo a kuno ankapita kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar.

Kodi wasintha chiyani, ndipo wojambula wachinyamata angatolepo chiyani?

Pamene Marshall ankayamba, akatswiri ambiri a zaluso ku America ankati kupenta anthu n'kwachikale. Lero zithunzi za anthu akuda zili m'myuziyamu zikuluzikulu. Mu 2018 Kehinde Wiley anapenta Barack Obama ndipo Amy Sherald anapenta Michelle Obama. Ku Britain kuli Lynette Yiadom-Boakye, amenenso amapenta anthu ongopeka. Njideka Akunyili Crosby wa ku Nigeria amapenta za m'nyumba ndi za m'banja. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre ndipo amakhala ku Johannesburg, amasoka zithunzi za moyo wake wa tsiku ndi tsiku ndi nsalu za silika. Mu 2022 myuziyamu ya Zeitz MOCAA ku Cape Town inachititsa chionetsero cha When We See Us, chosonkhanitsa zithunzi za anthu akuda zopentedwa m'zaka 100. Aliyense wa amenewa ali ndi njira yakeyake ndipo si ophunzira a Marshall, koma ambiri amavomera kuti iye ndi mmodzi mwa amene analambula msewu.

Chotola choyamba ndi chakuti nkhani yabwino siipulumutsa chithunzi chopentedwa mwaulesi. Marshall anatha zaka akuphunzira kujambula manja, mapindidwe a nsalu ndi kayalidwe ka anthu ambiri pa chinsalu chimodzi, ndipo anali ndi zaka pafupifupi 38 pamene myuziyamu yaikulu inagula ntchito yake koyamba. Chachiwiri ndi chakuti nkhani zoyenera khoma lalikulu zili pafupi: pa babashopu, pa saluni, pabalaza pa azakhali. Chachitatu ndi kudzifunsa kuti ndani akusowa pa zithunzi zimene anthu akuona. Wojambula wa ku Ndirande kapena ku Chipata akayang'ana zithunzi zogulitsa kwa alendo, za njovu, za dzuwa likulowa panyanja ndi za mayi wosenza mtsuko wopanda nkhope, angathe kuwerenga yekha amene palibe: telala, kondakitala wa minibasi, namwino wotuluka ntchito ya usiku, agogo atchena kupita ku chinkhoswe. Amenewo ndiwo akudikira wowapenta, ndipo ayenera kupentedwa ndi nkhope zawo, pa chinsalu chachikulu.